Chivomezi Atatseka Pakamwa

Lamulungu, 2 Malichi

Alengeza m'tchalitchi lero. Abusa aakulu a chigawo, a Mwaisumo, akubwera Loweruka pa 15 kudzandipatsa satifiketi yaulemu pamaso pa mpingo wonse. Ineyo, Angetile Mwakalobo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili mkulu wa mpingo woyang'anira dera la Isyukila, makomo makumi anayi ndi awiri, ndipo sindinalembepo munthu ndi mmodzi yemwe pa mlandu wa mowa. Madera enawa chaka ndi chaka amadula anthu asanu, ena khumi. Kwathu kuli zii. Ndikunyada, sindibisa.

Lamulo lake n'lachidule: mkulu amalemba zimene waona ndi maso ake, zakumva ayi. Wolembedwayo amadulidwa. Mgonero asalandire, kwaya asaimbe, ukwati wa mwana wake m'tchalitchi uyambe wadikira. Mphekesera zimandipeza ndithu, koma ine ndimazungulira makomo katatu pa sabata ndipo chimene ndimapeza ndi anthu akusenda nthochi, ena buku la nyimbo lili pamiyendo. Ndilembe chiyani pamenepo?

Vuto ndi limodzi. Galimoto ya abusa singakwere kuno ndi matopewa, ndiye wokawatenga kumsewu waukulu ndine, pa njinga yanga yamoto. Anthu opanda ulemu anaitcha Chivomezi, dzina n'kukanirira, mpaka nanenso ndimatero. Mkazi wanga T. atamva wangoti, "Mukamugonthetsa munthu wa Mulungu." Sakunama kwenikweni. Ekizozi yake imalira moti ndikamatsika phiri la kutsidya, agalu a kuno amakhala atayamba kale kuuwa. Utsinso osanena. Akonzedwe pasanafike pa 15.

Lolemba, 3 Malichi

Tsiku la oyilo, Lolemba loyamba la mwezi monga nthawi zonse.

Ndinamuliza pang'ono kuti oyilo atenthe, n'kumuimika pakhonde, beseni pansi, sipanala 17 pa bawuti ya kunsi kwa injini. Watuluka wakuda bii. Kenako mpando wanga, nsanza m'manja, basi kukhala. Fundi Gwakisa, makaniko wathu, anandiphunzitsa kalekale kuti njinga yakale siifuna phuma. Oyilo azidontha kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, chifukwa dontho lomaliza ndi limene limatulutsa tizitsulo ta m'magiya, ndipo mwini wake asachokepo kuopa nyerere kulowa pabowo. Achinyamata onyamula anthuwa amangomasula n'kuthira pompo, n'chifukwa chake njinga zawo sizifika zaka zitatu. Wangayu ndinamugula ndikadali mlangizi wa khofi, pano ali ndi zaka makumi atatu ndipo phiri amakwerabe.

T. wapita kwa mng'ono wake Bupe. Tsiku la oyilo amapita kumeneko nthawi zonse, akuti fungo limamupweteketsa mutu.

Asajile woimbitsa kwaya anadutsa m'mamawa kudzapempha oyilo wakudayo, akapake mitengo ya khola kuopa chiswe. "Mwamasula kale, akulu? Ndiye lero muli pompano tsiku lonse?" Ndati inde. "Musafulumire ayi, adonthe bwinobwino." Anthu a m'dera langa amaikonda njingayi, zimandikhudza.

Dzuwa litalowa ndamanga bawuti, ndathira watsopano mpaka pa mzere, ndawonjezera ndi wa m'kathanki ka pambali uja amapsa limodzi ndi petulo. Msana ukuwawa koma ntchito yayenda bwino.

Lachiwiri, 4 Malichi

Kwa Gwakisa za ekizozi. Wakanda mutu, wazungulira njinga kawiri. "Akulu, kachitsulo ka m'kati kochepetsa phokoso kaja kanawola kalekale, ndinakuuzani. Anasiya kupanga. Ngakhale ku mzinda waukulu wa Dar simungakapeze." Ndati nanga bowo lili m'mbalimu, osangoliwotcherera? Akuti magetsi athima. Babu likuyaka pamutu pake. "Amenewa ndi ofooka, sangakoke makina." Kenako wanditsitsira mawu: "Komanso njinga ya munthu wamkulu iyenera kumveka, akulu. Ndiwo ulemu wake."

Yankho lomweli zaka zonsezi. Ndatopa nalo, Lachinayi ndipita ku tauni ya Tukuyu. Nditanena kunyumba T. wagwetsa chivundikiro cha poto. "Ku Tukuyu kukatani? Njingayo amaidziwa ndi Gwakisa."

Lachitatu, 5 Malichi

Mvula tsiku lonse. Anthu atatu abwera, aliyense payekha, atanyowa, kudzandichenjeza kuti amakaniko a m'tauni amaba zitsulo. Za ulendowu ndinauza T. yekha.

Lachinayi, 6 Malichi

Tukuyu. Anandilozera kuseri kwa msika, kwa fundi wodziwa njinga zakale. Kufikako, ndi mzimayi. Dzina lake Mwajabu, ovolosi ili mafuta okhaokha, magalasi owotcherera ali pamphumi. Ndinafuna kubwerera koma anali atagwira kale sipanala.

Wamasula ekizozi yonse n'kuiponya pamoto wa nkhuni. Ndinakuwa. Iye: "Khazikani mtima pansi, bambo, sitikuphika. Mwaye wa m'katimu sutuluka popanda moto." Inafuka utsi wachikasu theka la ola, ogulitsa mapeyala n'kusamuka akutukwana. Itazizira waigogoda ndi mtengo, mwaye wothothoka wadzaza chitini cha penti. Zaka zonsezi ndimayenda ndi makala osadziwa.

Kenako wasuzumira m'kati. "Kachitsulo kanu sikanawole. Kanachita kuchotsedwa. Onani, bawuti yake wina anaibwezera pamalo pake mwaulemu." Waloza bowo lija. "Ilinso si la dzimbiri. Dzimbiri siliboola mozungulira bwino chonchi, apa panadutsa chiboolero." Ndamuuza kuti Gwakisa ndi mkhristu wa m'dera langa. Wangoti, "Aa, chabwino," n'kudula kapaipi, kukaboola timabowo, kukakulunga ndi waya wotsukira mapoto, kukalowetsa, bowo lija n'kulitseka ndi moto.

Atafunsa za oyilo ndinamufotokozera ndondomeko yanga yonse, ndi za dontho lomaliza zomwe. Anakhala pansi pa tayala. Anaitana mnzake womata machubu kuti ndibwereze. "Bambo, mphindi khumi basi, injini ikakhala yotentha. Tsiku lonse mumadikira chiyani, kuti njinga ibereke?" Wati ndiponso pa timaulendo tanga ta m'mudziti oyilo wa m'magiya akhoza kutha miyezi inayi. Ana a m'tauni alibe mwambo.

Ndiye kuponda kiki. Ndaponda kamodzi, kawiri, kachitatu Mwajabu wandigwira mkono: "Yalira kale, bambo." Zoonadi, Chivomezi amangonong'ona. Pobwerera ndamva mbalame, ndamva madzi pa mlatho, ndamva ndi bondo langa likulira posintha giya. Ndasangalala kwambiri, njira yonse ndimaimba.

Ndafika mvula ili pakati, palibe wandiona. Ndamutsekera m'kanyumba ka makasu, ndikufuna anthu akadabwe mawa. T. wadzidzimuka kundipeza m'khitchini ndikuwotha moto. "Njinga mwaisiya ku Tukuyu?" Ndangomwetulira.

Lachisanu, 7 Malichi

Sindikudziwa ndiyambire pati.

Ulendo wa makomo, nthawi yanga yomweyo ya 10. Poyamba kwa Asajile. Pakhonde palibe munthu, koma beseni la nthochi lilipo, mpeni pamwamba, ziwiri zosenda theka zitada kale. Buku la nyimbo pazenera. Kuseri kukumveka kuimba. Ndazungulira nyumba ndili panjinga pomwepo, ndaima kumbuyo kwawo, injini ikulira. Amuna asanu ndi mmodzi pansi pa nthochi, chidebe pakati, chipanda chikuzungulira. Asajile akuwaimbitsa ndi dzanja lomwe lija amaimbitsira kwaya, koma nyimbo yake sindingailembe muno. Mawu onse anali m'malo mwake, kuposa mmene amaimbira Lamulungu.

Ndinaima mpaka vesi yatha. Wotembenuka woyamba ndi Asajile, chipanda chili kukamwa. Sanayang'ane ine, anayang'ana ekizozi. "Akulu, si paja njinga yatsala ku Tukuyu?" Kenako: "Ili ndi phala la mawere." Ndati phala lanji lochita thovu. Mmodzi wa iwo anathamangirabe kukhonde n'kuyamba kusenda nthochi, ine ndikumuona.

Ndalemba asanu ndi mmodzi. Pa makomo ena awiri ndapezanso atatu, wina akusefa ndi nsalu ya chigwirizano cha amayi. Onse pamodzi asanu ndi anayi. Ndabwerera ulendo usanathe. Sekela, mwana wa Asajile, ukwati wake ndi wa m'tchalitchi mwezi wamawa, ndipo analengeza kale kawiri.

Loweruka, 8 Malichi

Maina khumi ndi atatu. Lero lokha ndapeza anayi.

Lamulungu, 9 Malichi

Kwaya yaimba ngati ya pamaliro. Potuluka aliyense wandipatsa moni wa manja awiri, ena kugwada ndithu. Pofika pa Chivomezi ndapeza bawuti ya ekizozi ili ndi zipsera za sipanala, wina wayesa kumasula nthawi ya ulaliki. Mwajabu anaidonthezera moto bawutiyo, siisuntha. Ndimuthokoze kapena ayi, sindikudziwa.

Lolemba, 10 Malichi

Ndinauza T. kuti ndikupita ku makomo a kumtunda, ndibwera madzulo. Mtsinje wasefukira panjira, ndabwerera isanakwane 12. Ndalowa pabwalo, palibe wandimva, ngakhale galu wathu.

Kuseri kwa khitchini kukumveka kuseka. T. ndi Bupe. Ndasuzumira pa ngodya. Mkazi wanga wakwera mtondo wougoneka pansi, manja kutsogolo, mphika kumutu, akuliza ekizozi ndi milomo. Waima, watsitsa mwendo pang'onopang'ono akugwira bondo, wavula mphika, watsokomola kawiri, n'kunena ndi mawu a m'mphuno, "Mtendere ukhale panyumba pano. Tiyi ayi, ndili pa ntchito ya Ambuye." Kenako watola kapu pansi n'kumwa. M'kapumo simunali tiyi.

Amandidziwa, ndivomere. Ndi bondo lomwe anagwira lolondola.

Bupe anali kugubuduka pamphasa. T. nayenso anaseka mpaka kugwira chipupa, misozi ili mbwembwembwe. Kuseka kumeneko ndinakumva komaliza tili pa chibwenzi. Mowawo unandikwiyitsa, inde, koma chandiwawa ndi ichi: m'nyumba mwanga muli munthu woseka chonchi, ndipo amadikira ndichoke.

Ndatsokomola. Mwatsoka kwatuluka kawiri, ndendende mmene amachitira iye. Bupe wathawira m'nthochi, iyeyo ndi wa dera lina, si wanga. T. kapu sanaibise. "Makutu ndiwo amandilondera zaka zonsezi, kumsewu sindinazolowere kuyang'ana. Mwaona ndi maso anu, bambo a Lugano. Lembani." Ndafunsa anayamba liti. Akuti Lugano ali kumsana. Lugano pano ali ndi ana awiri.

Ndalemba. Wa khumi ndi anayi, Tusajigwe.

Lachiwiri, 11 Malichi

Kwa Gwakisa, wapansi, kuti anthu andionere patali.

Sanakane. Walowa kuchipinda, watuluka ndi kachitsulo kanga kenikeni, kokulunga m'nyuzipepala, kopaka girisi. "Ndinakasunga bwino, akulu. Ine si wakuba."

Akuti unali msonkhano wa mudzi wonse, nditangosankhidwa kumene ukulu, anthu ataona kuti ndine munthu wosaseka ndi lamulo. Onse analipo kupatula ine. Anayeza ndi wotchi: kuchokera pa mlatho kufika khomo loyamba ndi mphindi zisanu ndi ziwiri, zokwanira kubisa chidebe ndi kutsuka m'kamwa. Kuchotsa kachitsulo kokha sikunawakwanire a kumtunda, ankamva mochedwa, ndiye anawonjezera bowo.

"Nanga za oyilo?" Wayang'ana pansi. Akuti Lolemba loyamba la mwezi ndi tsiku lalikulu kuno. Ofulula amawerengera masiku kuchokera pamenepo, kumabwera anthu ngakhale a madera ena. Ine ndili pakhonde kulondera nyerere. "Koma za dontho lomalizazo si nzeru zanga, akulu. Anaganiza ndi mayi a Lugano."

Ndinakhala pansi pa chitini.

"Musadandaule kwambiri. Inu simunanamepo. Munkalemba zoona zokhazokha, ife tinkangothandiza kuti zoonazo zikhale zabwino." Wati ndibweretse njinga, phokoso alibwezera lero lomwe, maina aja ndiwaiwale, zonse zibwerere mwakale. Wawonjezera kuti iyeyo samwa, ndisamulembe, mlandu wake ndi kuboola kokha ndipo m'malamulo a mpingo mulibe za kuboola. Ndafufuza. Mulibedi.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndinati ndipite kwa munthu mmodzi amene sangandikhumudwitse, Mzee Afwilile, nkhalamba ija inali kalaliki ku esiteti ya tiyi. Nthawi zonse ndimawapeza pakhonde, jekete, tayi, ketulo patebulo. "Tiyi, a Mwakalobo?" Ine n'kukana monga ndimakanira paliponse, iwo n'kugwedeza mutu mwaulemu, tipemphere, basi ndadutsa.

Lero pakhonde palibe munthu. Chitseko chotsegula pang'ono. Ndawapeza atagona pamphasa pakona, malo okhawo osadontha, mwendo utatupa ngati thunthu la nthochi, bala likununkha. Pamoto pozizira kuyambira kale. Jekete ndi tayi zili pamsomali, zophimba ndi pulasitiki. Ndatsegula ketulo ija, muli kangaude ndi ana ake.

Anakwiya kwambiri. "Munthu amamveka akamabwera. Mwandipeza ndisanavale." Akuti mphindi zisanu ndi ziwiri zimawakwanira kukwawa mpaka pamsomali, kuvala, kukhala pampando, mwendo n'kuubisa kunsi kwa tebulo. Achita zimenezi kuyambira mvula ya chaka chatha. Ine katatu pa sabata kumadutsa, kumakana tiyi woti kulibe.

Ndawanyamula pa Chivomezi kupita kuchipatala chaching'ono. Anakana kukwera opanda tayi, ndawamanga ndine. Njira yonse amadandaula kuti njinga yopanda mawu ndi ya mbava. Ndachita manyazi lero kuposa masiku onse apitawa.

Ine ndi T. sitikulankhulana kwenikweni chiyambire Lolemba, koma izi ndamuuza. Waphika nthochi za nyama n'kukapereka yekha.

Lachinayi, 13 Malichi

Asajile wabwera kudzagwada pabwalo, za ukwati wa Sekela. Akuti ndimudule Meyi, ukwati utadutsa, adzabwera yekha kudzandikumbutsa. Gwakisa watumiza uthenga kuti chiboolero chili chokonzeka.

Phokoso sindibwezera, ndaona za Mzee Afwilile. Kunena kuti sindinaone kanthu ndi bodza, ndipo pa guwa sindinanamepo. Kuwerenga maina ndiye kudula anthu khumi ndi anayi tsiku limodzi, kwaya itsala ndi azimayi atatu ndi ng'oma, ine kunyumba kumadya ndi wodulidwa amene ndamudula ndekha. Malipoti awiri ndalemba, onse ndang'amba.

Lachisanu, 14 Malichi

T. wasita suti yanga bwino kwambiri. Pondipatsa: "Mawa muwerenge pang'onopang'ono, dzina langa anthu amalilakwitsa." Ndapita kukatsuka Chivomezi, ndayang'ana oyilo pa mzere kawiri popanda chifukwa.

Loweruka, 15 Malichi

Ndinafika pamsewu waukulu 8 isanakwane. A Mwaisumo ndi nkhalamba yaifupi, chikwama chachikopa pachifuwa. Atakwera ndaponda kiki. Iwo: "Akulu, ndinamva kuti njinga yanu imamveka mipingo itatu. Ndabwera ndi thonje la m'makutu." Anandionetsa. Ndati inakonzedwa. Thonje analibweza m'thumba.

Chivomezi akali waphokoso sindinkalankhula ndi wokwera aliyense, zinali zosatheka. Lero abusa ali pakhutu panga penipeni, akufunsa za khofi, za mvula. Titadutsa mlatho pakamwa panangotseguka pokha. Ndanena zonse. Kachitsulo, bowo, nthochi za pakhonde, dontho lomaliza, Mzee Afwilile ndi ketulo yawo. Maina khumi ndi anayi ndawatchula limodzilimodzi ndikuzemba maenje, lomaliza la mkazi wanga. Ndati satifiketiyo si yanga. Ndati kunama sindingathe, koma kuwawerenga m'tchalitchi nakonso kukundikanika.

Kumbuyo ndimangomva akugwedezeka, ndinkayesa ndi msewu. Pofika pa tchalitchi atsika, apukuta m'maso, n'kunena mokweza ngati munthu wogontha, "A Mwakalobo, njinga yanuyi ndi yaphokoso. Njira yonse sindinamve kanthu." Injini inali ikulirabe pambali pathu, ndipo tonse tinkamva nkhuku ikupalasa kuseri kwa mpanda.

Tchalitchi chodzaza, chete ngati pakhoti. T. pabenchi loyamba, nsalu yatsopano, khosi lili njo. Ndaima. Ndawerenga makomo, obadwa, omwalira. Ndanena kuti denga la Mzee Afwilile likudontha ndipo mkulu wa dera sanadziwe chaka chathunthu chifukwa salowa m'nyumba za anthu. Mzee, atavala tayi, mwendo uli m'bandeji, anang'ung'udza kuti denga lawo lilibe vuto. Ndati ndikufuna anthu asanu ndi mmodzi Lolemba adzafolere, n'kuyang'ana Asajile. Manja anakwera khumi ndi atatu.

Ndikufuna kukhala pansi, abusa afunsa: "Nanga za mowa, akulu?" Mabenchi anasiya kulira. Ndati, "Za mowa ndakuuzani zonse panjira, abusa." Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu. "Zoona, munandiuza." N'kutchula nambala ya nyimbo. Asajile anaiyambira pamwamba kwambiri moti pofika pakati amuna onse anagonja.

Za satifiketi sanatchule, nanenso sindinafunse. Ndinaiona m'chikwama pamene amatulutsa magalasi, mphepete zagolide, dzina langa lolembedwa bwino. Zandiwawa. Msomali ndinali nditakhoma kale pabalaza.

Abusa agona kwa mbusa wathu, ndiwatsitsa mawa. T. sanakwerepo Chivomezi zaka khumi, ankati utsi umanunkhitsa nsalu. Lero wangokhala kumbuyo osapempha. Tayenda pang'ono, wafika pakhutu: "Khumi ndi anayi okha, bambo a Lugano? Mwaona ochepa. Ndikuuzeni enawo?" Ndati osandiuza, ndikuyendetsa. Wayamba basi, woyamba Gwakisa. Asanafike wachitatu kuseka kwamugwira, atakoka jekete langa, njinga mpaka kumapita uku ndi uku.

Pa mphambano ya kwathu sindinakhote. Ndapitirira njira yaitali ya kumtunda, giya yachiwiri.